Mwala Umene Unaswa Nyale ya Kumanzere

Amuna anga anaphunzira kuyendetsa galimoto ali msilikali. Atabwerako ku nkhondo anakhala zaka zingapo akulima chimanga ndi nandolo ngati wina aliyense, mpaka pamene adikoni a mpingo wathu, amene anali ndi kasitolo kufupi ndi Mbombwe, anagula lole yakale ya asilikali n'kuwalemba udalaivala. Lole imeneyo msewu wabwino inkangouona podutsa. Ntchito yake inali yolowa m'minda kukatenga matumba, kutsetserekera kumadambo kukanyamula njerwa, ndi kukwera tinjira ta m'phiri kukatuta nsichi ndi nkhuni.

Kwa adikoni kunalibe malo oimikapo, motero inkagona kwathu, pansi pa mtengo wa mango umene unali m'mbali mwa nyumba. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi mwana mmodzi, wa kumsana, ndipo ndinkayenda ngati loleyo ndinagula ndine. Kuchitsime nkhani iliyonse ndinkaiyamba ndi mawu oti "lole yathu." Anzanga akamadandaula za anankafumbwe m'nkhokwe, ine ndinkawayankha za kuvuta kwa matayala, chinthu chimene sindinkachidziwa n'komwe.

Chimene chinkawasautsa amuna anga chinali chiperoni. Nkhungu ikatsika m'phiri n'kukhala pansi masiku atatu osasuntha, iwo ankabwera kunyumba maso ali psuu, khosi litauma chifukwa choyendetsa mutu uli kunja kwa windo. Ankati nyale zazikulu za lole zikayatsidwa mu nkhungu, kuwala kumabwerera m'maso ngati munthu waima kutsogolo kwa khoma lopaka njereza. Ku nkhondo anaonako tinyale tina ta galasi lachikasu, tomangirira m'munsi, timene kuwala kwake kumakwawa pansi pa nkhungu n'kumaonetsa njira. Anawavutitsa adikoni ndi nkhani imeneyi Lamlungu lililonse potuluka m'tchalitchi, mpaka adikoniwo anatopa, nakwera basi kupita ku Limbe, n'kubwera nazo ziwiri zitakulungidwa m'nyuzipepala.

Amuna anga anazimanga kunsi kwa bampala, ina kumanja ina kumanzere. Kuyambira tsiku limenelo nyale za nkhungu zinasanduka ana a m'nyumba mwathu. M'mawa uliwonse, asanasukusule nkhope yawo, ankayamba azitsuka ndi madzi ofunda, n'kuzipukuta ndi chigamba chimene anang'amba pa nsalu yanga yakale. Ana a m'mudzi akayandikira ankawathamangitsa. Ine ndinkanyadira pagulu, koma mumtima ndinkati, bwanji munthuyu sanandipukutepo ine nkhope chotere.

Lamlungu lina m'mwezi wa Meyi mwana anadzuka ndi chifuwa, ndiye ndinatsala pakhomo anthu onse atapita ku mapemphero. Dzuwa linawala bwino, ndipo ine ndinali ndi mphale yonyowa m'dengu. Kuyanika mphale tsiku la Mulungu kunali kale kulakwa, koma ndinadziuza kuti dzuwa silidziwa masiku. Ndinayala mphasa pabwalo, n'kulowa m'nyumba kukagoneka mwana. Potuluka ndinapeza tonde wakuda wa anansi athu ataima pakati pa mphasa, miyendo yonse inayi mu mphale, akudya mosatekeseka ngati waitanidwa.

Ndili mtsikana ndinkagenda mango kuposa alongo anga onse, ndipo dzanja langa ndinkalitama. Ndinatola mwala waukulu ngati dzira, ndinayeza bwinobwino, n'kuponya ndi mkwiyo wonse. Tonde anangoweramitsa mutu kuti atapenso mphale. Mwala unadutsa pamwamba pa nyanga zake, ndipo ndinamva phwaa! kumbali ya mtengo wa mango.

Tonde sanathawe. Ndine ndinakhala pansi.

Galasi la nyale ya kumanzere linali litabooka pakati, ming'alu itayenda mbali zonse. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, manja ali m'mutu, kutchalitchi kukumveka nyimbo yachiwiri. Ndiye ndinaona chinthu chimene chinandipatsa nzeru zoipa. Lole inali itabwera Loweruka madzulo itadzola matope mpaka m'mawindo, ndipo lamulo la adikoni linali loti Lamlungu isakhudzidwe, ngakhale ndi madzi. Ndinatola tizidutswa tonse ta galasi n'kukataya kuchimbudzi. Ndinakanda dothi lofiira m'chiphika chosweka, n'kumata nyale yoswekayo. Nditaiyang'ana ndinaona kuti yasiyana ndi inzake, ndiye ndinamatanso ya kumanja. Ndinazira bwino, ngati khonde la Khirisimasi, mpaka ndinawaza timadontho pa bampala kuti zioneke ngati za m'njira. Anthu pobwera ku mapemphero anandipeza ndili chete pakhonde, buku la nyimbo lili pamiyendo.

Lolemba m'mawa ndinamva ndowa ikuikidwa pansi, madzi akukhavukira. Kenako amuna anga anaitana.

"Mayi a mwana! Tabwerani kuno muone."

Ndinapita. Anali atagwada kutsogolo kwa lole, chigamba chili m'manja.

"Yasweka," anatero, mawu ali apansipansi ngati akunena za maliro.

"Ayi! Zatani kodi, bambo?" Ndinadabwa ndekha mmene mawu anga anamvekera achisoni chenicheni.

Anasisita m'mphepete mwa bowolo ndi chala. Pamenepo ndikanatha kunena. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma iwo anandipitirira.

"Ndadziwa. Ndi pamtsinje paja pochokera ku Kadewere. Loweruka pokwera kutsidya matayala anapala miyala, ndipo ndinamva chinthu chikuti thwa! kutsogolo kuno. Ndinkayesa ndi bampala."

"Kapena ndi pomwepo," ndinatero ine.

Adikoni anabwera okha masana atamva. Anali munthu wosakweza mawu, koma mawu awo ankalasa. Anaima pabwalo pathu, anthu akumvetsera, n'kunena kuti, "A dalaivala, munandigonetsa tulo tochepa chifukwa cha nyale zimenezi. Sizinathe ngakhale miyezi iwiri. Kodi ku nkhondo kuja munkayendetsa lole kapena munkaswa miyala?" Amuna anga anavula chipewa, nayang'ana pansi. Ine ndinali kukhitchini, ndikupemerera moto umene unali ukuyaka kale.

Ku Limbe anati galasi lachikasu la saizi imeneyo linatha, lina tidikire. Masabata amenewo ndinasanduka mkazi wabwino koopsa. Madzi osamba ndinkatenthetsa kawiri pa tsiku. Ndiwo zilizonse ndinkatendera. Malaya awo a kaki ndinkasita mpaka m'makhwapa. Amayi anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, anandiyang'ana tsiku lina ndikupukuta nsapato za amuna anga, n'kufunsa kuti, "Iwe, walakwa chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Chikondi choterechi sichibwera chokha," anatero, n'kumapita ndi lichero lawo.

Chifukwa cha kulumwa mumtima komweko ndinayamba kulowerera ntchito zimene sizinali zanga. Kalipentala wa ku mishoni anawadulira amuna anga galasi wamba la windo, lozungulira, loti litseke bowo podikira lenileni. Koma linali loyera, ndipo iwo ankadandaula kuti mu nkhungu likhala lopanda ntchito. Ine ndinati zimenezo andisiyire. Ndinasinja chikasu, ndinasakaniza ndi utomoni ndi timadzi, n'kupaka mkati mwa galasi. Litauma linaoneka lokongola, lachikasu kuposa linzake. Amuna anga anandiyamika pamaso pa anthu kuti mkazi wawo ali ndi mutu wa mmisiri. Analimanga, analiza injini, nayatsa nyale kuti tione. Poyamba zinali bwino. Patapita kanthawi tinayamba kumva fungo ngati tadutsa kuseri kwa khitchini ya Mmwenye. Utsi unayamba kutuluka m'mphepete, galasi linada bii, kenako linathetheka pakati. Anthu amene ndinawaitana ndekha kuti adzaone luso langa anabalalika akuseka, ena akutsokomola. Imeneyo inali nyale yomweyo ya kumanzere. Ndinaiswa kawiri, koma kachiwiri kokha ndi kamene kanawerengedwa.

Galasi lenileni litafika, amuna anga anakana kulimanga msanga. Anati sangabwezenso maso a lole m'njira za miyala popanda chowatchinjiriza. Anapita kwa atsibweni anga, alongo awo a amayi, amene ankakhoma zidebe ndi nyale za koloboyi pansi pa mthunzi kumapeto kwa mudzi. Atsibweniwo anali munthu wamfupi, wokonda mikangano, amene nyundo ikamuphonya n'kugunda chala ankatukwana m'Chilomwe kuti akulu a mpingo asamve. Nkhani ya chotchinjiriza nyale anailandira ngati akhala akuidikira moyo wawo wonse.

Choyamba anapanga ndi waya wa khola la nkhuku, atamukulunga pa mkombero wa chidebe chakale. Amuna anga anati achiyese kaye. Anachikhomera pa chitsa, kumbuyo kwake anaimika botolo, n'kuwerenga mapazi khumi ndi asanu. Atsibweni anagenda, anaphonya. Amuna anga anagenda katatu, mwala wina unakagwa m'munda wa chinangwa. Mwini tonde uja, amene anangobwera kudzaonerera, anagendanso, naphonya.

"Itanani mphwanga," anatero atsibweni. "Ameneyo ali mwana ankatha mango m'mitengo ya eni."

Ananditumizira uthenga. Ndinayankha kuti ndili ndi ndiwo pamoto. Anatumizanso. Ndinapita ndikukoka miyendo, mwana ali kumsana, ndipo anandipatsa mwala m'manja. Mumtima ndinati apa ndiye ndiphonye, anthu asamandiganizire za miyala. Ndinayang'ana nthochi imene inali patali ndi chitsa, kumanzere, n'kuponya komweko. Mwana anadzigwedeza kumsana, mkono unapotoka, mwala unakalowa pakati penipeni pa waya. Botolo linangoti mbwee.

Anthu anakuwa. Amuna anga anaomba m'manja. Atsibweni anatola chotchinjirizacho, nalowetsa chibakera pa bowo limene mwala unasiya, n'kunena kuti, "Waya wa nkhuku ndi wa nkhuku basi."

Anakhala masiku atatu akuganiza. Tsiku lachinayi anakatenga gudumu la njinga yakufa, anazula masipoko onse, n'kuyamba kuwaluka mopingasa ngati akuluka dengu. Mkombero anapanga wa chitsulo cha mgolo, ndipo analukawo anawatukumula kutsogolo ngati chipande, kuti mwala ukagunda waya asakakhudze galasi. Pamwamba anaikapo kachipewa ka lata kotchinga matope ndi nthambi. Amuna anga nawo anapeza mababu owala kwambiri kwa makaniko wina amene anali naye ku nkhondo, anasintha mawaya oonda aja n'kuika okhuthala, ndipo nyalezo anazibweza pang'ono m'kati kuti bampala izikhala patsogolo.

Poyesa chatsopanocho sanavutikenso n'kugenda okha. Ananditana ine. Ndinagenda kasanu, kanayi ndinalasa, ndipo botolo linaima chilili. Apa ndiyenera kunena zoona: ndinayamba kukomedwa. Anthu anali atadzaza, amayi anzanga akululutira, ndipo ine, amene ndinayambitsa mavuto onsewa, ndinayamba kupereka malangizo. Ndinawauza atsibweni kuti mipata ya m'mbali yakula, mwala wosongoka ungalowe. Ndinasankha ndekha miyala ya mitundumitundu, yobulungira ndi yaphanthiphanthi. Ndinafika pofotokozera amuna akuluakulu mmene galasi limaswekera mwala ukabwera chammbali. Palibe anafunsa kuti ndinazidziwa bwanji.

Nkhani ya mwala wa pamtsinje inali ikukula nthawi yonseyi. Poyamba unali mwala chabe umene unamveka thwa. Kenako amuna anga anayamba kukumbukira kuti anauona ukuuluka. Pofika mwezi wa Juni unali ndi mtundu, wotuwa, ndipo unali waukulu ngati chibakera. Sankanama dala. Anali munthu woopa bodza. Kungoti nkhani ukaikamba kawirikawiri imamera nthenga, ndipo ine ndinkakhala pambali ndikuithirira ndi "inde" wanga.

M'mwezi wa Julaye mng'ono wanga, amene anakwatiwa cha ku Mikolongwe, anachira mwana. Sabata lomwelo lole inkapita kumeneko kukatenga nsichi zomangira sukulu ya mpingo, ndipo adikoni analola kuti ndikwere nawo. Kanali koyamba kukhala kutsogolo. Kumbuyo kunakwera akulu a mpingo awiri atafunda mabulangete.

Tinanyamuka m'mawa chiperoni chitagwira. Kamvula kosamveka kankangonyowetsa chilichonse, ndipo titasiya msewu n'kulowa kanjira ka ngolo, nkhungu inatitsekera. Sindinkaona ngakhale kumapeto kwa boneti. Ndinafungatira mwana n'kuyamba kupemphera chamumtima. Amuna anga anatambasula dzanja n'kukoka kabatani.

Kuwala kwachikasu kunatuluka pansi, n'kuyala panjira ngati mphasa. Sikunapite patali, mwina mapazi makumi awiri, koma m'menemo zonse zinkaoneka: mikwingwirima ya ngolo, zitsa, dzenje lodzaza madzi, m'mphepete mwa chigwembe chimene tinkadutsa pambali pake. Pamwamba ponse panali poyera ngati thonje. Iwo ankayendetsa pang'onopang'ono, atawerama, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake munthu ankatsuka nyale asanasukusule. Masiku onse amene ankabwera khosi litauma, ankadutsa m'mphepete mwa zigwembe zoterezi osaona kanthu.

Pamalo ena nthambi youma inali itagwera m'njira. Anaiona mochedwa. Inakwapula kutsogolo kwa lole, ndipo tinamva masipoko akulira ngati zeze. Anaimitsa, natsika, n'kubwera akumwetulira, madzi akudontha pachipewa.

"Zonse ziwiri zili bwino. Mukuona, mayi? Pakanapanda mwala uja bwenzi lero taswa zonse. Mulungu anautuma mwala umene uja."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Kunamiza amuna anga ndinkatha, koma kulola kuti Mulungu asenze mlandu wa dzanja langa ndinaona kuti kwanyanya.

"Bambo a mwana, nyale ija ndinaswa ndine."

Analowetsa giya, lole inayamba kuyenda.

"Ya chikasu ija? Zimenezo zinatha kale."

"Ayi, poyamba pomwe. Lamlungu lija ndinatsala ndi mwana. Tonde ankadya mphale, ndinamugenda, ndinaphonya, mwala unakaswa nyale. Matope aja ndinamata ndine."

Ndinanena zonse, za chimbudzi, za chiphika, za buku la nyimbo. Misozi inkatsika. Ndinkadikira kuti aimitse lole anditsitse mu nkhungu momwemo. Iwo anayendetsabe mpaka tinadutsa kamlatho ka mitengo. Kenako anapukusa mutu, naseka pang'ono.

"Mayi, ndinu munthu wabwino. Koma musadzipachike mlandu pofuna kundichotsa manyazi. Adikoni anakalipa, zinapita."

"Sindikukuchotsani manyazi. Ndikunena zimene zinachitika."

"Inu kuphonya tonde? Tonde wathunthu, ataima pamphasa? Inu amene munalasa botolo mudzi wonse ukuona, mwana ali kumsana?"

"Anaweramitsa mutu."

"Nanga thwa uja ndinamva pamtsinje anali chiyani? Makutu awa ndi anga. Mwala ndinauona ndi maso."

"Simunauone, bambo."

"Wotuwa," anatero motsimikiza, maso ali panjira. "Tsopano ndisiyeni ndiyendetse, apa pali potsetsereka."

Ndinapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. Miyezi iwiri ndinasenza chinthu chimenechi, ndikuonda nacho, ndipo pochitula mwini wake anakana kulandira. Ndinayamba kupsa mtima. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale pang'ono, kuti kulapa kwanga kukhale ndi mtengo wake.

Kumene kunali nsichi tinapeza amuna asanu ndi mmodzi akuotha moto podikira. Nkhungu inali itayamba kupepuka. Asanayambe kukweza anazungulira kutsogolo kwa lole, akugwiragwira masipoko aja, akufunsa kuti analuka ndani. Panalinso dalaivala wa lole ina yonyamula fodya, amene anagwada n'kuyeza mkombero ndi zala zake. Amuna anga anakankhira chipewa kumbuyo n'kuyamba kufotokoza: Loweruka lake, mtsinje wake, matayala akupala, mwala ukuuluka. Tsiku limenelo unafika pa msinkhu wa papaya wamng'ono.

Bambo wina wachikulire, wa ndevu zoyera, anatembenukira kwa ine.

"Zoona zimenezi, mayi?"

Amuna anga ankandiyang'ana, nkhope ili ngwee, akudikira kuti ndiwavomereze. Akulu a mpingo awiri aja analinso pomwepo.

"Ine kumtsinjeko kunalibe," ndinatero.

Ndinamanga mwana kumsana, ndinasenza kamtolo ka ufa ndi nyemba, n'kulowera njira ya kwa mng'ono wanga.

Pa zaka zimene tinakhala limodzi ndinayesanso kawiri kuwauza. Ulendo woyamba anaseka. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati mutu ukundipweteka. Atsibweni okha ndi amene anandikhulupirira msanga nditawauza, koma anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti nkhani imeneyo ithere pomwepo, chifukwa dalaivala wa fodya uja anali atabwera kale ndi anzake awiri kudzafuna zotchinjiriza zawo. Chaka chimenecho magudumu a njinga zakufa anasowa m'midzi yonse yozungulira. Akamaliza kuluka chilichonse, atsibweni ankachikhomera pa chitsa, n'kutumiza uthenga kunyumba kuti ndipite ndikagende. Ndinkapita.